Lole ya a Clarrie

Ku Tolby Creek munthu akapeza chithunzi cha nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse m'katoni ya malemu amayi ake, amapita nacho kwa Merv Tulloch. Amene waima pachithunzipo Merv samudziwa, ndipo alibe naye ntchito. Iye amaona lole yomwe ili kumbuyoyo.

Anabadwa nkhondo itangotha. Bambo ake, a Clarrie, anabwera kuno ndi asilikali omwe anamanga misasa m'mapiri athu ano, ndipo monga anzawo ambiri anakwatira mtsikana wa konkuno n'kukhaliratu. Analima mbatata mpaka tsiku lomwe tinakawaika m'manda. Merv anayesako ulimi, mbatata zinamukana. Analowa ntchito kugalaja ya khonsolo, kukonza magiledala ndi malole a zinyalala, mpaka anapuma ali ndi bondo lolira ngati chitseko cha chimbudzi. Mowa amamwa wapakatikati. Kutchalitchi amapita kukakhala maliro. Mkazi wake Glenys amati anakwatiwa ndi mwamuna pamodzi ndi mulu wa zitsulo, ndipo pa ziwirizo chosavuta kusuntha ndi zitsulozo.

Mukamupatsa chithunzi amachiika patebulo, n'kutulutsa galasi lokulitsira zinthu lomwe limakhala m'thumba la shati yake, n'kuwerama mpaka mphuno itatsala pang'ono kugunda pepala. Malole a nkhope yophwatalala aja, omwe timawatcha Blitz, kwa ife enafe ndi ofanana onse, ndipo onse ndi onyansa. Kwa Merv ayi. Amayamba ndi mawaya otchinga ledieta kutsogolo. Akakhala a timabokosi, imeneyo ndi Ford. Akakhala opingasa, ndi Chev. Kenako amapita pa nyali, pa matayala, pa chitseko. Akatha amadzuka n'kunena dzina la lole ngati dokotala wonena matenda.

Tsiku lina mtsikana wina wa kubanki anamubweretsera chithunzi.

"Awa ndi agogo anga, a Merv. Anali kunkhondo ku New Guinea."

"Chev iyi. Ya matani atatu."

"Nanga agogowo?"

"Akutchinga nyali."

Ndi munthu wotero. Sanena zokondweretsa, koma pa malole sanapezekepo atanama, ndiye anthu ankamupirira.

Chithunzi chimodzi chokha ndi chomwe sanachiikepo galasi. Chinali pakhoma la pabalaza pa amayi ake kuyambira iye akukwawa, ndipo amayiwo atamwalira chinasamukira pakhoma lake. Pachithunzipo a Clarrie aima ali mnyamata, chipewa chopendeka, magolovesi a dalaivala m'manja, phazi limodzi pachopondera cha Ford Blitz. Nambala ya asilikali ikuoneka bwino pachitseko. Pa madigadi a kumanzere pali pobonyoka ngati pomwe ng'ombe yamenya ndi mwendo. A Clarrie anapereka chithunzichi kwa amayi a Merv akuwafunsira. Za nkhondo sankakamba. Merv akawafunsa za chithunzicho ankangoti, "Eya, lole imeneyo," n'kutenga chipewa kupita kumunda. Zina zonse Merv anadzaza yekha: matope ofika m'chiuno, misewu ya m'mapiri, zipolopolo kumbuyo, bambo ake pachiwongolero ndudu ili pakamwa.

Atapuma ntchito anapeza chigoba cha Ford Blitz kuseri kwa malo akale ochekera matabwa, mtengo utamera pakati pake. Anadula mtengowo, anakokera chigobacho kushedi kwake, n'kusowa m'menemo zaka zingapo. Anapala dzimbiri. Anamanga injini. Anapenta mtundu wa asilikali n'kulemba nambala ya pachithunzi ija pachitseko. Sankanena kuti ndi lole yeniyeni ya bambo ake. Ankati ndi mapasa ake. Madigadi a kumanzere anamuvuta kupeza, mpaka munthu wina wa ku Victoria anamutumizira owongoka bwino ngati atsopano. Merv anawamanga, anatsamiritsa chithunzi cha bambo ake pachitini cha penti, anatenga nyundo, n'kuwabonyola pamalo pomwepo, kukula komweko. Glenys ankaonera pawindo la kukhitchini. Madzulo ake anaimbira mchemwali wake foni kumuuza kuti matenda aja afika m'mutu.

Kalabu ya asilikali akale inavomera kuti pa tsiku la Anzac, lokumbukira asilikali omwe anapita kunkhondo, loleyo idzatsogolere perete, patsogolo pa bandi. Merv anakonza chikwangwani choti adzamange pamwamba pa galasi la kutsogolo: "Ngati yomwe ankayendetsa Clarrie Tulloch pa nkhondo." Anachipenta kawiri. Panalibe munthu m'tauni muno yemwe sanamuuze, kuphatikizapo omwe sanafunse.

Kutatsala milungu yochepa, kalabu inapempha anthu kuti abweretse zithunzi zakale zoti zidzapachikidwe mu holo. Loweruka masana Merv anakhala patebulo pafupi ndi bala, galasi m'manja, anthu akumupatsira. Amuna a masiku onse aja anali pomwepo ndi mowa wawo. Kenako kunabwera Noreen Paskin, yemwe ali ndi sitolo ya buledi ndi mapayi. Iye ndi Merv anaphunzira kalasi imodzi, ndipo Noreen ankamuposa masamu ndi nkhonya zomwe.

"Siwe wekha mwana wa dalaivala, iwe Merv," anatero. "Taona bambo anga awa."

Chithunzicho anachijambula chakutsogolo kwa lole. A Arthur Paskin atsamira bampala, magolovesi m'manja, akumwetulira mano onse. Merv anawerama. Anakhala nthawi, kenako anayamba kuseka ndi m'mphuno.

"Ford iyi. Koma chemwali, ndani anakuuza kuti inkayenda?"

"Ukutanthauzanji?"

"Taona m'mawayamu. Kuwala kukudutsa. Mulibe ledieta, mulibe injini. Taona mmene mphuno yadzukira, palibe chomwe chikuilemera. Ndipo udzu uwu wamera mpaka kubisa theka la tayala. Lole iyi inasiya kuyenda bambo ako asanaphunzire kumeta ndevu."

"Amayi ankati ankanyamula asilikali."

"Mwina ankanyamula nkhuku zomwe zinkaikira mazira pampandopo."

Amuna aja anaseka mpaka wina kutsamwa mowa. Merv anasekanso, poti nthabwala inali yake. Noreen anagwira chithunzicho ndi zala ziwiri n'kuchikoka pang'onopang'ono pansi pa galasi. Chikuchoka chomwecho, m'galasimo munadutsa madigadi a kumanzere, akuluakulu, ndi pobonyoka ngati pomwe ng'ombe yamenya ndi mwendo.

Merv ankapadziwa pamenepo kuposa nkhope ya mkazi wake. Anathera tsiku lathunthu akupapanga ndi nyundo.

Noreen anatuluka. Wina anamufunsa Merv ngati amwenso botolo lina. Iye anati bondo lamuyamba, n'kupita kwawo.

Atafika anapachula chithunzi cha bambo ake, anachichotsa m'felemu, n'kuchiika patebulo la kukhitchini pomwe Glenys ankadula dzungu. Anaikapo galasi. Sizinatenge nthawi. Udzu unali pomwepo, utamera m'mbali mwa tayala la kutsogolo. Pansi pa ekisulo, kuseri kwa nsapato ya a Clarrie, panali chitsa chochirikiza. Zinthu zomwe pachithunzi cha munthu wina akanaziona asanakhale n'komwe pansi.

"Ilibe injini," anatero.

"Iti?"

"Ya bambo. Ndi lole yomweyo ya bambo a Noreen. Sinkayenda."

Glenys anapitiriza kudula dzungu. "Ndiye?"

"Ndiye sankaiyendetsa."

"Iwe Merv, mukamapita kutauni uli mwana, ankayendetsa ndani?"

"Amayi."

"Bambo ako ali pati?"

"Pambali." Anaganiza pang'ono. "Anatopa ndi kuyendetsa kunkhondo."

"Anakuuza ndi iwowo?"

Sanamuuze ndi iwo. Merv ndiye ankauza anthu zimenezo, mpaka anaiwala kuti anazipeka yekha. Thirakitala a Clarrie ankayendetsa ndithu, koma mpanda wa kumunda ukanakhala ndi pakamwa ukanakamba zambiri.

"Iwe unkadziwa?"

"Amayi ako anandiuza tisanakwatirane. Ankaseka nazo."

"Ndipo unandionerera ndikumenya madigadi atsopano ndi nyundo."

"Unali wosangalala. Komanso unali kunja kwa nyumba yanga."

M'mawa mwake Merv anapita kunyumba yosungira okalamba. Kumeneko kunali a Snowy Whitlock, omaliza mwa omwe anakhalapo mumsasa uja pamodzi ndi a Clarrie. Anawapeza pakhonde pa njinga ya olumala, bulangete m'miyendo, akutukwana mbalame zomwe zinkawabera bisiketi. Merv anawaikira chithunzicho pabulangetepo.

"Ndiwe mwana wa Clarrie," anatero a Snowy. "Wakalambatu iwe."

"Mukuikumbukira lole iyi, mdala?"

A Snowy anachisendeza pafupi ndi maso, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. "Mayi wathu uyu. Anakwatitsa anthu ambiri kuposa abusa."

"Tandiuzani."

"Palibe chouza. Injini anaichotsa kukaika m'lole ina. Chigobacho tinachikankhira kuseri kwa khitchini. Ndiye panali mnyamata wina wa ku Adelaide yemwe anali ndi kamera. Lamulungu tikasamba tinkaima pamzere. Umamupatsa ndudu, iye amakubwereka magolovesi, iwe phazi pachopondera, chifuwa patsogolo. Magolovesi anali amodzi omwewo msasa wonse. Changa chili m'kabatimo, ukafuna ukaone."

"Inunso simunali dalaivala?"

"Ine? Ndinkakumba zimbudzi, mnyamata iwe. Ndiye mtsikana wake uti akanandilola nditamupatsa chithunzi ndili ndi fosholo? Madalaivala enieni analibe nthawi yojambulitsa. Anali m'matope uko akutukwana."

Funso lomwe anabwerera, Merv analisunga pomaliza.

"Nanga bambo ankatani?"

"Clarrie ankasenda mbatata."

"Basi?"

"Basi chiyani? Nkhondo yonse. Kuno, kenako kuzilumba komwe ankamenyanako. Mpeni wake unatha mpaka kutsala ngati waya. Ankasenda osayang'ana, uku akukamba nawe. Anthu akabwerako atanyowa ankapeza chakudya chotentha, ngakhale nkhuni zitanyowanso. Sanaphe munthu ndi chakudya chake. Awiri okha ndi omwe anatsala pang'ono."

"Ndiye n'kubwera kuno kudzalimanso mbatata."

"Ukuganiza kuti anazidziwira kuti? Tachotsa chithunzicho, undipatse bisiketi uyo asanatenge akubawa."

Kuchoka kumeneko Merv anakaima m'shedi mwake nthawi yaitali, akuyang'ana chikwangwani chija. Penti yake inali yabwino. Zilembo zinali zowongoka. Akanatha kuchimanga momwemo, chifukwa kupatula Glenys ndi nkhalamba yoiwalaiwala panalibe wina wodziwa. Koma chithunzi cha Noreen chinali kudzapachikidwa mu holo, ndipo iye yemwe ndiye anaphunzitsa tauni yonse kuyang'ana udzu. Komanso anali atanena za nkhuku.

Lolemba analowa m'sitolo ya Noreen. Anadikira kuti ogula athe, n'kuika chithunzi cha bambo ake pakauntala pafupi ndi mapayi. Anaikanso galasi pambali pake.

"Taona madigadi," anatero.

Noreen anapukuta manja pa epuloni, anatenga galasi, n'kuyang'ana. Anayang'ananso nsapato, chitsa, udzu. Anali mwana wanzeru kuyambira kale.

"Ndiye nkhuku zija ankaziyendetsa awiri?"

"Ankasinthana."

"Wabwera kudzapepesa kapena kudzagula?"

"Zonse. Payi wa nyama mmodzi."

Noreen anamuikira payi m'pepala. "Kuno kulibe yemwe anaseka, Merv. Anaseka ali kukalabu. Ukanene komweko."

Lachisanu madzulo anakanena komweko. Anaimirira pafupi ndi bala, anagogoda tambula ndi galasi lake lija, n'kunena kuti a Clarrie Tulloch sanayendetsepo lole pa nkhondo, ankasenda mbatata, ndipo lole yomwe iye wathera zaka akuifanizira inalibe injini. Anafotokoza za kamera, ndudu ndi magolovesi. Anati katswiri wa malole wa dera lino wakhala akudutsa pansi pa chithunzi chimenecho moyo wake wonse osaona chitsa.

Anamuseka, ndipo anayenera. Des Kowald, yemwe anatsamwa mowa tsiku lija, ndiye anaseka kwambiri.

"Aise, ndiye unamangiranji injini? Ukanangogula nkhuku."

Koma kuseka kwa Des kunazilala pang'onopang'ono. Anamaliza mowa wake msanga n'kunena kuti kunyumba akumudikira. Enanso angapo anakumbukira kuti akudikiridwa. Sabata yotsatira zithunzi zinayamba kufika kwa Merv mwakachetechete, wina polowera kuseri kwa shedi, wina potuma mkazi wake. Lole yomweyo, pobonyoka pomwepo, magolovesi omwewo, nkhope zokha ndi zosiyana. Bambo a Des anali momwemo. Zinaoneka kuti mbali yaikulu ya tauni yathu inabadwa chifukwa cha lole yosayenda.

Merv anapenta chikwangwani chija mtundu wa asilikali mbali zonse n'kuchiponya pakona. Akomiti anati lole itsogolerebe perete, chikwangwani kapena ayi, chifukwa anali atasindikiza kale pulogalamu.

Tsiku la Anzac kunacha ndi mvula yowaza. Mwambo wa m'bandakucha utatha, Merv anakwera m'lole yomwe anaiimika dzulo lake kutsogolo kwa kalabu. Anavala jekete ya bambo ake. Bandi inali itakonzeka kumbuyo kwake, ana asukulu pamzere, mamendulo a makolo pachifuwa cha kumanja. Anaponda choliza. Injini inatembenuka, inatsokomola, n'kukhala chete. Anayesanso. Anatsika, anatsegula, anapukuta mawaya, anatukwana, anakweranso. Batire linayamba kufooka. Woimba lipenga anayang'ana wotchi. Pamapeto pake bandi inalambalala loleyo n'kupita, perete yense pambuyo pake, ndipo Merv anatsala pamvula sipanala ili m'manja.

Ena amati anachita kuzula waya dala. Iye amakana. Glenys amati munthu wozula yekha waya sangatukwane nthawi yaitali chomwecho.

Perete atabwerera kukalabu, Noreen anachoka pamzere n'kupita molunjika kuloleyo. Anatulutsa chithunzi cha a Arthur m'chikwama, anaika phazi pachopondera, n'kukweza chibwano.

"Glenys, tandijambula."

Glenys anamujambula ndi foni. Des anaima pambuyo pa Noreen, wina pambuyo pa Des. Posakhalitsa mzere unafika pa positi ofesi. Wina anapempha magolovesi, ndipo Merv anapereka ake owotcherera zitsulo, omwe anayenda dzanja ndi dzanja mpaka masana. A Snowy anawakankhira pafupi pa njinga yawo. Anayang'ana lole, anayang'ana mzerewo, n'kukodola Merv.

"Tsopano wafanizira bwino, mwana wa Clarrie. Ijanso inkachita chimodzimodzi."

Merv anajambulitsa pomaliza, bondo likulira pokweza phazi.

M'mawa mwake loleyo inalira Merv atangoponda choliza kamodzi kokha. Anaiyendetsa kubwerera kushedi palibe woonerera, kupatula galu wa kupositi ofesi. Chikwangwani chija anachidula kachidutswa, analembapo kuti "Clarrie Tulloch anaponda apa," n'kukamanga pamwamba pa chopondera. Noreen atakaona anati bambo ake anapondanso, ndiye Merv anawonjezera dzina lawo. Maina akutsika tsopano m'mbali mwa chitseko, ndipo Merv akudandaula kuti akuwononga penti.

Anthu amabwerabe ndi zithunzi. Iye amaweramabe ndi galasi lake, kungoti masiku ano amayambira pa udzu. Akauona utamera m'matayala amadzuka, n'kunena kuti, "Ford iyi," kenako amafunsa ngati mwini chithunzi akufuna kudziwa zina. Ambiri safuna.